“Debra Sakanatero”: Mawu kwa Inu Achinyamata Olemba Masewero

Ana anga amene mwayamba kulemba masewero, kaya a pa wailesi, a pa kanema, kapena ojambula ndi foni n'kuika pa YouTube, pali dandaulo limodzi la owonera limene ndikufuna muphunzire kulimva musanapite patali. Akamati sewero likuchedwa, kapena nyimbo zake sizikukoma, mutha kugona tulo. Koma tsiku limene adzati, “Uyu si munthu tikumudziwa uja, iyeyu sangachite zimenezi,” dzukani, mutsegulenso zonse zimene munalemba kuyambira gawo loyamba. Kawirikawiri amakhala akunena zoona. Ngakhale pamene aphonya, chala chawo chimakhala chitaloza pafupi ndi pamene pali vuto.

Ndiyamba ndi Dexter, chifukwa m'masewero a zaupandu amene ndawatsatira, limeneli ndi limene linakhumudwitsa kwambiri anthu amene ankalikonda. Linayamba kuonetsedwa pa Showtime ku America mu 2006 n'kutha mu 2013, masizoni 8, magawo 96. Linachokera m'buku la Jeff Lindsay la mu 2004, Darkly Dreaming Dexter. Dexter Morgan, amene ankamusewera Michael C. Hall, amagwira ntchito ku polisi ya Miami, younika momwe magazi agwera pamalo pamene paphedwa munthu. Usiku iye mwini amapha anthu. Bambo amene anamulera, wapolisi wotchedwa Harry, ataona kuti mwanayo ali ndi ludzu la magazi limene silidzatha, anamuikira malamulo: usagwidwe, ndipo usaphe wosalakwa, uzipha okhawo amene watsimikiza kuti anapha anzawo n'kuzemba chilango.

Anthu mamiliyoni anavomera kukhala kumbali ya munthu wotereyu zaka ndi zaka osadandaula. Pamenepa pokha pali phunziro. Owonera sakakamira kuti mtengambali akhale wabwino. Chimene amafuna ndi munthu amene angamutsatire, woti akachita chinthu, ngakhale choopsa chotani, iwo anene mumtima kuti, “Eya, ameneyu ndi iyeyo.”

Chimene chinkagwira sewerolo kuti lisagwe chinali ubale wa Dexter ndi mlongo wake Debra, mwana wobereka wa Harry, amene ankamusewera Jennifer Carpenter. Debra ndi wapolisi wa pakamwa potukwana, wa mtima wapachala, wolimbikira ntchito mpaka kudziiwala, amene moyo wake wonse wakhala akulakalaka bambo ake akanamuona monga ankamuonera Dexter. Kumapeto kwa sizoni yoyamba Dexter apeza mchimwene wake wa bere limodzi, Brian, wopha anthu ngati iye yemwe, munthu yekhayo padziko amene akanamulandira monga alili. Brian amuuza kuti aphe Debra kuti awiriwo akhale mfulu. Dexter asankha Debra, n'kupha Brian. Kuyambira pamenepo owonera anadziwa chinthu chimodzi chosagwedezeka: awa ndi mlongo ndi mlongo wake, ndipo ubalewo unagulidwa ndi magazi.

Masizoni anayi oyamba ankatsogolera olemba anali Clyde Phillips. Iye anachoka itatha sizoni yachinayi mu 2009, ija ya chigawenga Trinity chimene anachisewera John Lithgow, imene inatha Dexter atapeza mkazi wake Rita ataphedwa m'bafa, khanda lawo Harrison litakhala m'magazi. Sizoni yachisanu anatsogolera Chip Johannessen, zitatu zomaliza Scott Buck. Sungani mayinawa, osati kuti muwanyoze, koma kuti muone kuti munthu mmodzi wa m'sewero anadutsa m'manja mwa atsogoleri atatu.

Mu 2011, m'sizoni yachisanu ndi chimodzi, Debra akupita kwa dokotala wa zamaganizo. Dokotalayo amuuza kuti mwina chimene chikumusokonezera zibwenzi zake n'chakuti amamukonda Dexter, osati monga mlongo, koma monga mwamuna. Debra akana mokalipa, kenako alota maloto, kenako avomera. Zonsezi m'magawo ochepa omaliza. Owonera anakwiya, ndipo mawu awo anali amodzi: Debra sakanatero.

Olembawo anali ndi podzitchinjiriza. Awiriwa si a magazi amodzi, Dexter anachita kuleredwa. Amuna amene Debra ankawakonda ambiri anali obisa zinthu kapena osafikirika ngati Dexter yemwe. Papepala mfundoyo imaima. Koma m'masizoni asanu athunthu panalibe kayang'anidwe, kapena nsanje, kapena mawu othawa pakamwa, zimene wowonera akanakumbukira n'kuti, “Ooh, kani paja zinayambira apo.” Chikondicho chinalowa m'sewero kudzera pakamwa pa munthu wachitatu. Apa gwirani bwino: ngati mtima watsopano wa mtengambali wanu ukusowa dokotala, m'busa kapena mnzake woti aulengeze kuti owonera audziwe, ndiye kuti mtimawo mulibe mwa iye. Uli m'mutu mwanu mokha.

Tsono taonani chimene chinachitika chaka chotsatira, chifukwa ndi chimene chimandichititsa kunena kuti owonera sadana ndi kusintha. Sizoni yachisanu ndi chimodzi inatha Debra atalowa m'tchalitchi n'kupeza Dexter akubaya munthu. M'sizoni yachisanu ndi chiwiri, mu 2012, tinamuona Debra akutsika pang'onopang'ono. Anathandiza kutentha tchalitchicho kuti umboni ufafanizike. Ananamiza anzake a kupolisi amene iye ankawatsogolera. Anamutengera Dexter kunyumba kwake kuti azimulondera usiku, poganiza kuti angamuchiritse. Atalephera kugwira mkazi wopha anthu ndi poizoni, Hannah McKay, iye mwini anapempha Dexter kuti amuphe. Pomaliza, usiku wolowa chaka chatsopano, m'kontena ya padoko, anayenera kusankha pakati pa mlongo wake ndi bwana wake Maria LaGuerta, amene anali atatulukira chilungamo chonse. Anawombera LaGuerta, n'kuthamangira kukakumbatira mtembo wake akulira.

Wapolisi wokonda chilungamo kupha wapolisi mnzake wosalakwa n'kutembenuka kwakukulu kuposa kuyamba kukonda mlongo wako woleredwa kwanu. Komabe ambiri mwa amene anakana choyamba chija anachilandira chachiwirichi, mitima ikuwawa. Kusiyana kwake n'kwakuti apa anaona sitepe iliyonse, ndipo sitepe iliyonse inamutengera Debra kanthu.

Wowonera ali ngati mwini okala amene amasunga kabuku ka ngongole. Chilichonse chachikulu chimene mtengambali wachita amachilemba, ndipo amadikira tsiku lobweza. Mutha kuchedwa kubweza, iye amapirira. Chimene sakhululuka ndi kung'amba tsamba n'kumayenda ngati simunatengepo kanthu. Sizoni yomaliza ya Dexter inayamba kubweza bwino. Debra anasiya upolisi, anayamba kumwa ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, anapita kupolisi ataledzera kuti akaulule, mpaka anagwetsera m'madzi galimoto imene anakweramo ndi Dexter. Kenako, pakati pa sizoni, tsamba linang'ambidwa. Debra anachira msanga, nabwerera kupolisi komwe ankagwira ntchito ndi bwana amene anamupha uja. Choipitsitsa, Hannah uja, amene chaka chapitacho anamuthirira Debra mankhwala m'madzi akumwa mpaka kuchita ngozi ya galimoto, anabwerera ku Miami akusakidwa ndi boma, ndipo Debra anamusunga m'nyumba mwake. Imfa ya LaGuerta inasanduka nkhani yakale imene palibenso ankailira.

Gawo lomaliza linaonetsedwa pa 22 September 2013. Dexter anali atagwira chigawenga Oliver Saxon n'kuchisiya chamoyo, ati ludzu lija lamuthera; chigawengacho chinamasuka n'kuwombera Debra. Dexter anachotsa mlongo wakeyo pamakina othandiza kupuma, anakataya thupi lake m'nyanja monga ankatayira zigawenga, analowetsa boti lake m'mphepo ya mkuntho, ndipo chithunzi chomaliza chinamuonetsa ali moyo, akugwira ntchito ya mitengo ku Oregon. Mwana wake Harrison anamusiya ku Argentina m'manja mwa Hannah. Bambo amene kwa zaka zinayi tinamuona akunjenjemera ndi mantha kuti mwana wake angaone zoopsa, anamupereka kwa mkazi wopha anthu ndi poizoni. Anthu sanakwiye chifukwa mathero anali achisoni. Imfa ya Rita inali yachisoni kuposa apa, ndipo mpaka lero imatamandidwa.

Zoterezi sizichitika chifukwa olemba ndi opusa. Ambiri mwa iwo ndi akatswiri kuposa ine ndi inu. Sewero likamabweretsa ndalama, eni wailesi amafuna lipitirire ngakhale nkhani yafika kale pothera, ndipo olemba amayamba kufunafuna chodzidzimutsa chatsopano chaka chilichonse. Chodzidzimutsa chotsika mtengo kuposa zonse ndi kuchititsa munthu chimene sakanachita. Mmodzi mwa akuluakulu opanga Dexter, John Goldwyn, anauza atolankhani sewerolo litatha kuti Showtime inakana zoti Dexter afe. Mathero akakhazikitsidwa ndi anthu a zamalonda, olemba amatsala ndi ntchito yokankha atengambali kuti akafike pamalo pamene miyendo yawo sikanawafikitsa. Killing Eve ya BBC America, imene inayamba mu 2018 n'kutha mu 2022, inkasintha mlembi wamkulu sizoni iliyonse, kuyambira Phoebe Waller-Bridge, kenako Emerald Fennell, Suzanne Heathcote ndi Laura Neal, ndipo madandaulo a owonera pa atengambali ake, Eve ndi Villanelle, anali omwewa.

Koma musatuluke muno ndi maganizo akuti wowonera akakuwa ndiye kuti walondola. Mu 2021 Clyde Phillips anabwerera kudzalemba Dexter: New Blood. Pamathero ake, mu January 2022, Dexter ali m'chitokosi anapha wapolisi wosalakwa, Logan, kuti athawe. Ambiri anati waswa malamulo a Harry, si Dexter ameneyu. Ine pamenepa sindigwirizana nawo. Lamulo loyamba la Harry linali lakuti usagwidwe. Dexter yemweyu anaphapo wojambula zithunzi wosalakwa m'sizoni yachinayi chifukwa chofufuza mothamanga, anaphapo munthu m'chimbudzi chifukwa cha mkwiyo chabe Rita atamwalira, ndipo usiku wa m'kontena muja iye ndi amene anakonza zopha LaGuerta. Owonera anali atamukonda kwa nthawi yaitali mpaka anaiwala chimene iye ali. Chimene chinalakwika m'gawo lija ndi liwiro: kumangidwa, kupha Logan, kukumana ndi mwana wake ndi kuwomberedwa, zonse mu ola limodzi. Owonera anamva kupweteka pamalo oyenera, koma anatchula matenda ena.

Ntchito yanu, dandaulo likafika, ndi kulekanitsa zinthu ziwirizi. Funso si lakuti kodi anthu akondwa. Bwererani m'magawo akale mufufuze: kodi chimene wachitachi mbewu yake ndinaidzala? Ngati ilipo, kodi ndinaipatsa nthawi yoti imere anthu akuona?

The Wire ikuthandizani kuona momwe mayankho a mafunso awiriwa amasiyanira m'nkhani imodzi. Inaonetsedwa pa HBO kuyambira 2002 mpaka 2008, yolembedwa ndi David Simon, amene anali mtolankhani wa Baltimore Sun, pamodzi ndi Ed Burns, amene anali wapolisi mumzinda womwewo wa Baltimore. Inatchuka chifukwa chosakometsera kanthu. M'sizoni yomaliza mzinda ulibe ndalama, meya waziponya kumasukulu, ndipo kafukufuku wa mitembo 22 imene gulu la zigawenga la Marlo Stanfield linabisa m'nyumba zosiyidwa waimitsidwa. Wapolisi Jimmy McNulty ayamba kusokoneza mitembo ya anthu osowa pokhala amene afa imfa zina, kuti zioneke ngati mumzinda muli chigawenga chimene chikuwapha, akuluakulu achite mantha, ndalama zituluke, iye azipatutsire ku kafukufuku wa Marlo. Otsatira sewerolo ambiri anati apa ndiye lataya njira.

Za McNulty, ine ndimati mbewu inalipo kuyambira gawo loyamba lenileni, pamene analambalala mabwana ake n'kukalankhula ndi woweruza milandu. Ndi munthu wodziona wanzeru kuposa onse, chidakwa, wokonzeka kuwotcha aliyense kuti mlandu wake utheke. M'sizoni yachinayi anakhazikika, anachepetsa mowa, ankakhala mwamtendere ndi chibwenzi chake Beadie. Chinamubweza ndi imfa ya mnyamata wogulitsa mankhwala, Bodie, amene anaphedwa chifukwa anaonedwa akukwera galimoto ya McNulty. Munthu wotere, atalonjezedwa kuti zinthu zisintha kenako n'kunamizidwa, akhoza kuchita zamisala zimenezi.

Lester Freamon ndi nkhani ina. Uyu ndi wapolisi wachikulire wofatsa, wodekha, wosema timipando ta zidole pa desiki yake, amene achinyamata onse amaphunzirako. Bunk, mnzake wa McNulty, ataona zimene zikuchitika, aitana Freamon kuti amulangize. Freamon amvetsera, kenako m'malo momudzudzula ayamba kumuuza momwe bodzalo lingakomere kuti atolankhani alitole. Zonse m'chithunzi chimodzi. Omuikira kumbuyo amati Freamon sanakhalepo womvera: anakhala zaka 13 ndi miyezi inayi atatayidwa ku ofesi yoona za katundu wa pinyolo chifukwa chokana kusiya mlandu umene mabwana anamuuza kuti ausiye, ndipo ndi iye amene anatumiza masamoni kwa andale. Zoona, mbewu inalipo. Koma kukana kusiya mlandu woona ndi kupeka mlandu wabodza pa mitembo ya amphawi ndi zinthu zotalikirana, ndipo mtunda umenewo sitinamuone akuuyenda. Usiku umodzi wosagona, kapena kukana koyamba n'kudzavomera ataona china chomuswa mtima, zikanakwanira. Sizoni imeneyi inali ndi magawo 10 pamene zinzake zinali ndi 12 kapena 13, ndipo ndimakhulupirira kuti ena mwa magawo osowawo anali a Freamon.

M'nkhani yomweyo muli chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa zonse. Amene anakaulula bodza la McNulty kwa akuluakulu ndi Kima Greggs, mnzawo wapamtima. Ena anamutcha wachinyengo, koma amene ankakumbukira sakanati Kima sakanatero. Mu 2002, m'sizoni yoyamba, Kima atawomberedwa ali gone m'chipatala, Bunk anamubweretsera zithunzi kuti aloze omuwombera. Mmodzi anamuloza. Wachiwiri, Wee-Bey, apolisi onse ankadziwa kuti analipo, ndipo Bunk anayesa kumukankhira kuti amuloze. Kima anakana chifukwa sanamuone ndi maso ake. Kachithunzi ka mphindi zochepa kameneka n'kamene kanadzanyamula chiganizo chake patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mukamalemba gawo lachitatu la sewero lanu, dziwani kuti mwina mukulemba chifukwa cha chinthu chimene chidzachitike m'gawo la 50.

Patangotha sabata imodzi Dexter itatha, pa 29 September 2013, inathanso Breaking Bad ya Vince Gilligan, ndipo anthu sakanaleka kuyerekeza awiriwa. Walter White anasintha kuposa mtengambali aliyense amene ndamutchula, kuchoka pa mphunzitsi wa sayansi wofatsa wa ku Albuquerque, wodwala khansa, kufika pa mfumu ya mankhwala ozunguza bongo. Komabe m'magawo 62 simupeza pamene anadumpha. Munthu woyamba kumupha ndi manja ake, Krazy-8, anamusunga masiku atamumangirira m'chipinda chapansi, akumupatsa chakudya, mpaka analemba papepala zifukwa zomuphera ndi zomusiyira. Anali atatsala pang'ono kumumasula pamene anazindikira kuti chidutswa cha mbale yosweka chikusowa, kusonyeza kuti Krazy-8 wachibisa kuti amubaye nacho. M'gawo lachisanu lokha, mnzake wakale wolemera, Elliott, anadzipereka kulipira chithandizo chonse cha kuchipatala, Walter anakana chifukwa cha kunyada. Kuyambira pamenepo wowonera watcheru ankadziwa kuti mawu akuti ndikuchitira banja langa ndi chophimba. Kenako anaonerera mtsikana wina, Jane, akutsamwa mpaka kufa osamuthandiza. Kenako anadyetsa mwana, Brock, poizoni. Kenako anawombera mnzake wa pa malondawo, Mike, chifukwa chongomunyoza. Choipa chilichonse chinali chachikulu pang'ono kuposa chapambuyo, ndipo chilichonse chinatuluka m'kunyada komwe kuja. Pamene anavomera kwa mkazi wake m'gawo lomaliza kuti zonse ankachitira iye mwini, sanatiuze chachilendo.

Sewero lomweli lili ndi mbali yochititsa manyazi, ndipo pano ndikulankhula nanu monga owonera, pakuti wolemba aliyense amayamba ndi kuwonera. Skyler, mkazi wa Walter, anadedwa koopsa ndi gulu lalikulu la otsatira sewerolo. Ankati ndi wosakhazikika, lero akukana ndalama za mwamuna wake, mawa akuthandiza kuzibisa. Koma mayi amene wazindikira kuti bambo wa ana ake ndi chigawenga, amene akuopa polisi, akuopa zigawenga zinzake, akuopanso mwamunayo, angayende bwanji njira yowongoka? Kugwedezeka kwake kunali koona kuposa kulimba mtima kulikonse. Chimene ambiri ankadana nacho n'chakuti ankaima panjira ya munthu amene iwo ankamuchemerera. Chidanicho chinasefukira kwa Anna Gunn, mayi amene ankamusewera, mpaka mu August 2013 analemba nkhani mu New York Times yofotokoza za mawu achipongwe ndi oopseza amene ankanenedwa pa iye mwini. Ana anga, musadzachite nawo zimenezi. Wosewera salemba mawu amene akulankhula. Ndipo musanati mtengambali walembedwa molakwika, dzifunseni ngati simukungomuda chifukwa akukaniza wokondedwa wanu.

Ku Britain, pa 2 May 2021, anthu 12.8 miliyoni anakhala pansi kuti adziwe wapolisi wamkulu wa katangale amene nthambi ya polisi ya AC-12 inkamusaka mu Line of Duty ya Jed Mercurio. Anapezeka kuti ndi Ian Buckells, wapolisi waulesi, wosachita bwino ntchito, amene analipo kuyambira 2012 ndipo ankangokwezedwa. Ambiri anakhumudwa. Koma Buckells sanasinthe ngakhale pang'ono. Anthu ankangoyembekezera chimphona. Kukhumudwa koteroko wolemba akhoza kukupirira mutu uli m'mwamba.

Tsono tibwere kwathu, pakuti ambiri a inu masewerowa mumawaonera pa foni ndi pa laputopu, mukupatsirana pa fulashi, koma mudzalembera anthu amene anakulira pa Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, anthu amene amamudziwa mtengambali ndi liwu lokha ndipo amakambirana za iye pa mjigo ngati mnansi. Amenewa kabuku kaja amakasunga mosamala kuposa a ku America. Akakuimitsani pamsika n'kukuuzani kuti mayi uja mwamuwononga, musayankhe kuti sadziwa zaluso. Wakutsina khutu ndi mnansi. Afunseni kuti anayamba kumutaya pa gawo liti, ndipo mudzadabwa kuti amalitchula molondola. Chokhacho musawalole kukulemberani mathero, chifukwa ambiri adzapempha kuti wokondedwa wawo apulumuke ndipo mdani wake afe.

Mtengambali aliyense wamkulu mumutsegulire tsamba lake m'kope. Musataye nthawi ndi mtundu wa malaya amene amakonda. Lembani chimene akufuna, chimene amaopa, bodza limene amadziuza, ndi chinthu chimodzi chimene iye amalumbira kuti sangachite. Pansi pake muzilemba, gawo ndi gawo, chimene wachita, chimene wadziwa ndi tsiku limene wachidziwa. M'masewero a zaupandu ichi chomalizachi n'chofunika koposa, chifukwa nkhani yonse imayenda pa funso lakuti ndani akudziwa chiyani. Wapolisi amene m'gawo lachiwiri anagwira wakuba poona matope a pa nsapato sangalephere kuona magazi pa malaya a mnzake m'gawo lachisanu ndi chinayi, pokhapokha mutationetsa kuti sakufuna kuona. Anthu ankadandaula zomwezi za apolisi a Miami m'masizoni omaliza a Dexter, kuti nzeru zawo zinkazima nthawi iliyonse imene nkhani ikufuna kuti Dexter apulumuke. Kupusitsa munthu wanzeru kuti nkhani iyende ndi kumusinthanso khalidwe, ngakhale olemba ambiri sakuwerengera.

Chimene analumbira kuti sangachite chija, tsiku lina adzachichita, ndipo sewero labwino limalunjika kumeneko. Kopelo ntchito yake ndi kukukumbutsani kutalika kwa ulendo. Mukamalemba muli gulu, kapena mukamasiyira wina ntchito, kopelo lipite nawo, ndipo wobwerayo aonere kapena amvere magawo onse akale asanalembe mzere ndi umodzi womwe. Wosewera akachoka mwadzidzidzi, wapeza ntchito kwina kapena mwasemphana pa malipiro, musamusandutse mtengambali wake mfiti kapena wakuba m'gawo limodzi kuti mupeze pomuchotsera. Mutumizeni ku Joni, mudwalitseni, kapena angosowa anthu n'kumamufunafuna. Zonsezi owonera amazilandira kusiyana ndi kuipitsa munthu amene amukonda zaka.

Chiyeso chachikulu kwa inu sichidzachokera kwa eni wailesi ofuna masizoni ambiri monga ku America. Masewero ambiri kuno amalipiridwa ndi mabungwe amene ali ndi uthenga woti ufike kwa anthu, wa zaumoyo, wa nkhanza za m'banja, wa katangale. Uthengawo nthawi zambiri ndi wabwino ndipo ine ndimaulemekeza. Koma ndakhalapo m'zipinda momwe wolipira amafuna kuti bambo amene wakhala akumenya mkazi wake magawo khumi amve uphungu wa mlangizi kamodzi, agwe pansi kulira, gawo lotsatira azitunga madzi ndi kuphika. Amayi amene akumvera sewerolo, amene ena mwa iwo akukhala ndi bambo wotereyo m'nyumba, amadziwa kuti zimenezo n'zabodza, ndipo akangotaya chikhulupiriro mwa munthuyo amatayanso uthenga umene wanyamula. Wapolisi wolandira ziphuphu pa rodibuloko amene walapa chifukwa wamva mawu a pa msonkhano umodzi sasintha maganizo a womvera aliyense amene anaperekapo ya fanta dzulo lake.

Musakangane ndi wolipirayo pa za luso, chifukwa iye sanabwerere luso. Muuzeni m'chinenero chake, kuti uthenga wake ufika bwino ngati anthu akhulupirira munthu wounyamula. Kenako muikireni patebulo ndondomeko yooneka. Bamboyo amve uphungu n'kuunyoza. Patapita magawo awiri aone mwana wake wamwamuna akumenya mlongo wake ndi mawu omwewo amene iye amanena. Ayese kusiya, akhale milungu ingapo, kenako abwerezenso tsiku limene wachotsedwa ntchito. Mkazi apite kwawo, ankhoswe akhale pansi, ndipo asabwerere msanga, kapena asabwerere konse. Ngati bungwe lili ndi ndalama za magawo asanu ndi limodzi okha, auzeni poyera kuti m'magawo amenewo bamboyo afika pozindikira kuti ali ndi vuto, ndipo mayiyo afika podziwa kumene angakapeze thandizo, ndipo mulembe zimenezo m'pangano musanayambe kujambula.